Ubatizo wa madzi ambiri: mkangano wagona pa madzi kapena pa munthu wobatizidwayo?

Kuno ku chigwa cha Shire nkhani ya ubatizo imayambira pakhonde, osati m'kalasi ya zaumulungu. Mtsikana wobadwira m'banja la Chikatolika ku Nsanje akwatiwa ndi mnyamata wa ku Ngabu wopemphera ku Baptist kapena kumpingo wa Chipentekoste, ndipo chaka chisanathe abusa a kumene wakwatiwako amuuza kuti akonzekere kukalowa m'madzi. Uthenga ukafika kwawo, mayi ake amaumva ngati chitonzo. "Kodi uja tinakuberekera kutchalitchi uli wakhanda, bambo mfumu n'kukuthira madzi pamutu, sunali ubatizo? Ndiye kuti zaka zonsezi timalera munthu wachikunja?" Mwanayo naye sasowa chonena: "Amayi, sindikunyoza zimene munandichitira. Koma tsiku limenelo ine sindinayankhe kanthu."

Awiriwa sakukangana zachibwana. Aliyense waima pa chiphunzitso chimene chili ndi zaka mazanamazana, ndipo m'mbiri ya mpingo anthu anaphedwapo chifukwa cha nkhani yomweyi. Ine ndinakulira mumpingo womiza, koma abale anga ambiri ndi a Katolika ndi a CCAP, moti pamaliro timakhala pamkeka umodzi. Mbali yanga sindiibisa, komabe ndiyesetsa kuti wa mbali inayo akawerenga asanene kuti ndamunamizira.

Choyamba tilekanitse mafunso awiri amene anthu amawaphika mumphika umodzi. Pakamwa pa anthu timamva za "ubatizo wa madzi ambiri" ndi "ubatizo wa pachipumi", ngati kuti vuto lonse ndi kuchuluka kwa madzi. Limenelo ndi funso la kabatizidwe: kumiza, kuthira kapena kuwaza. Funso linalo, lomwe ndi lalikulu, ndi lakuti woyenera kubatizidwa ndani. Mafunsowa sayendera limodzi nthawi zonse. Mipingo ya Orthodox ya ku Greece ndi ku Russia imamiza makanda m'madzi katatu. A Katolika ndi a CCAP amabatizanso akuluakulu amene aphunzira katekisimu n'kuvomereza okha chikhulupiriro, koma kawirikawiri powathira madzi pamutu. Ndipo a Mennonite ambiri, omwe amakana kwamtuwagalu ubatizo wa makanda, amangothira madzi pamutu pa wamkuluyo osamumiza. Choncho tikamati ubatizo wa okhulupirira tikunena mfundo imodzi: kuti munthu abatizidwe pokhapokha atamva uthenga, atalapa, ndi kunena ndi pakamwa pake kuti wakhulupirira Yesu. Kumiza ndi mwambo umene mipingo yambiri yotere imatsata, koma mutu wa nkhani ndi pakamwa paja.

Mipingo imeneyi imati mukawerenga Chipangano Chatsopano mupeza kuti zinthu zimabwera motsatana, ndipo ubatizo sutsogola. Pa Mateyu 28:19 Yesu akutuma ophunzira ake kuti akaphunzitse anthu a mitundu yonse ndi kuwabatiza. Pa tsiku la Pentekoste, pa Machitidwe 2, anthu atalaswa mtima anafunsa chochita, Petro n'kuwauza kuti alape ndi kubatizidwa. Ndipo amene analandira mawu akewo, anthu ngati 3,000, ndi omwe anabatizidwa. Nduna ya ku Itiyopiya ija, Filipo atailongosolera malemba ili pagaleta, inaona madzi m'njira n'kudzifunsira yokha chimene chingailetse kubatizidwa. Palibe anaikoka. Kwa Korneliyo anthu anayamba amva, Mzimu n'kuwagwera, madzi n'kubwera pambuyo. M'nkhani zonsezi simupeza pamene palembedwa poyera kuti khanda linabatizidwa. Apa ndi pamene a Baptist, a Adventist, a Mpingo wa Khristu, a Assemblies of God, a Ziyoni ndi ena ambiri amaponda mwendo.

Nanga ubatizowo ukunena chiyani? Yankho lakuya kwambiri lili pa Aroma 6:3-4, pamene Paulo akuti obatizidwa anaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu mu imfa yake, kuti monga iye anaukitsidwa, iwonso ayende m'moyo watsopano. Kunena mosapsatira, ubatizo ndi maliro. Munthu amene wa kale uja, woledzera, wamaula, wakuba mbuzi za eni, wodana ndi m'bale wake chifukwa cha malire a dimba, akulengezedwa pagulu kuti wafa ndipo akuikidwa. Amene akutuluka m'madzimo ndi wina. N'chifukwa chake omiza safuna kumva za kapu: amati wakufa sawazidwa dothi pachipumi, amakwiriridwa yense. Muone bwino mmene zimachitikira. Munthu sadzimiza yekha. Amapinda manja pachifuwa, n'kudzisiya m'manja mwa wina amene amamugoneka chagada, madzi n'kumutseka kumaso. Kwa kanthawi kochepako sapuma, saona, ndipo kudzuka kwake kwadalira dzanja la mnzake. Kwa anthu a m'chigwa muno zimenezi si fanizo lakutali. Amene anaona madzi a mu January 2015, kapena a namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, amadziwa kuti madzi omwe amamwetsa chimanga cha kudimba ndi omwenso amatenga nyumba, ng'ombe ndi ana. Pa 1 Petro 3 ubatizo ukufanizidwa ndi chigumula cha Nowa, madzi amodzimodzi opha ndi onyamula chombo. Mlaliki wa ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza safunika kutaya nthawi kufotokoza ndime imeneyo.

Ndime yomweyo ya 1 Petro 3:21 ikupitiriza kunena kuti ubatizo si kuchotsa litsiro la m'thupi, koma kudzipereka kwa chikumbumtima chabwino kwa Mulungu. Ili ndi tanthauzo lachiwiri: lonjezo. Asanalowe m'madzi munthu amafunsidwa pamaso pa onse, "Kodi mwalandira Yesu kukhala Mbuye ndi Mpulumutsi wanu? Kodi mwasiya ntchito za Satana?" ndipo ayankhe yekha, mokweza, anthu a patsidya amve. Zili ngati banja. Mnyamata ndi mtsikana akhoza kukondana mumtima kwa zaka, koma tsiku limene ankhoswe akhala pansi ndi pamene mudzi umadziwa kuti awa ndi banja, ndipo kuyambira pamenepo pali anthu oti akawafunse zikasokonekera. Unkhoswe supanga chikondi, koma chikondi chokana unkhoswe chimakayikitsa. Chikhulupiriro chimayamba mumtima momwe palibe angachione. Ubatizo umachitulutsira pabwalo n'kuchipatsa mboni.

Tanthauzo lachitatu n'lakuti ubatizo ndi khomo la mpingo. Paulo pa 1 Akorinto 12:13 akuti tonse tinabatizidwa kulowa m'thupi limodzi, ndipo pa Agalatiya 3 akuti obatizidwa avala Khristu, moti palibenso Myuda kapena Mhelene, kapolo kapena mfulu, mwamuna kapena mkazi. Kuno tingawonjezere kuti palibenso Msena kapena Mmang'anja, wodula nzimbe ku Nchalo kapena bwana wa muofesi. M'mipingo yambiri munthu amayamba kudya mgonero ndi kukhala ndi mawu pamsonkhano wa mpingo akabatizidwa. Ndipo apa mpamene pabisala kusiyana kwenikweni. Obatiza okhulupirira okha amaona mpingo ngati gulu la anthu amene anasankha okha kulowamo. Mwana wa abusa ndi mwana wa msodzi onse ayenera kudzera pakhomo lomwelo. Obatiza makanda amaona mpingo ngati banja la pangano limene mwana amabadwiramo, n'kudzakula akuphunzira za kwawo.

Musaganize kuti omiza onse amayankhula chimodzi. Mukawafunsa ngati ubatizo umapulumutsa, amagawikana pomwepo. A Baptist ndi a Chipentekoste ambiri amati ayi: munthu wapulumuka kale mwa chisomo pamene anakhulupirira, ubatizo ndi kumvera lamulo la Ambuye ndi chizindikiro cha zomwe zachitika kale. Umboni wawo wokondedwa ndi wachifwamba uja wa pamtanda pa Luka 23, amene analonjezedwa Paradaiso osakhudza madzi. A Mpingo wa Khristu amati Machitidwe 2:38 akunena za kubatizidwa kuti machimo akhululukidwe, choncho munthu akavomereza lero abatizidwe lero lomwe, ngakhale usiku. A Adventist amayamba amuphunzitsa munthu ziphunzitso zawo, za Sabata, za kusiya mowa ndi fodya, kenako n'kumubatiza. A Chipentekoste amasiyanitsa ubatizo wa madzi ndi ubatizo wa Mzimu Woyera. Palinso mipingo ina imene imabatiza m'dzina la Yesu lokha, osatchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndipo imabatizanso ngakhale munthu amene anamizidwa kale kwina. Kumbali ina kuli a Salvation Army, Akhristu enieni, amene sabatiza ndi madzi n'komwe.

Tsopano timve mbali ya amayi aja. Obatiza makanda sakuchita zimenezi chifukwa chosawerenga Baibulo, monga amanenera alaliki ena a pamsika. Iwo amati woyamba kuyankhula pa ubatizo ndi Mulungu, osati munthu. Mwana asanadziwe kutchula dzina la mayi ake, mayiyo anamukonda kale. Chomwechonso chisomo chimatipeza tisanachifune, ndipo palibe chithunzi chabwino cha zimenezi choposa khanda losatha kudzichitira kanthu. A CCAP amatsindika za pangano: ana a Abrahamu ankalandira chizindikiro cha mdulidwe ali ndi masiku asanu ndi atatu, Akolose 2:11-12 amaika mdulidwe ndi ubatizo pafupi, ndipo Petro pa Pentekoste pomwepo anati lonjezo ndi lanu ndi la ana anu. Amalozanso mabanja athunthu amene anabatizidwa: a Lidiya, a woyang'anira ndende wa ku Filipi, a Stefana. Kodi m'nyumba zonsezo munalibe ndi mwana mmodzi yemwe? A Katolika amawonjezera kuti ubatizo ndi sakramenti limene limachotsa tchimo lobadwa nalo ndi kupereka moyo watsopano, ndiye kholo lingamane bwanji mwana mphatso yotere? Ndipo onsewa sanena kuti zathera pomwepo. Mwana wa Chikatolika amadzaphunzira, n'kulandira Ukaristia ndi Ulimbitso. Wa CCAP amalowa kilasi n'kudzavomereza yekha pamaso pa mpingo asanayambe kudya mgonero.

Omiza amayankha kuti za mabanja zija sizitchula makanda, ndipo za ku Filipi zikunena kuti a m'nyumbamo anamva mawu ndi kukondwera. Ndi zoona. Koma tivomerezane kuti apa mbali zonse ziwiri zikuwerenga pamene Baibulo lakhala chete, wina akuona mwana m'nyumbamo, wina sakumuona.

Mbiri ya mpingo woyamba nayo sipereka chigamulo chophweka. Kabuku kakale kwambiri ka malangizo a mpingo, kotchedwa Didache, kamati mubatize m'madzi oyenda; akasowa, m'madzi ena alionse; ndipo madzi akachepa, muthire pamutu katatu. Anthu amenewo sankakangana za kuya kwa dziwe. Cha m'ma 200 Tertullian, mlembi Wachikhristu wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa kuno, analemba kuti ndi bwino ana adikire mpaka atadziwa Khristu, zomwe zikusonyeza kuti kubatiza ana kunalipo kale ndipo ena sankakondwera nako. Patangopita zaka ngati 50, Cyprian, bishopu wa mzinda womwewo, ankati palibe chifukwa chodikira ngakhale tsiku lachisanu ndi chitatu. Komabe Augustine, mphunzitsi wotchuka wa mpingo, mwana wa mayi wopemphera kwambiri, anabatizidwa ali bambo wamkulu mu 387 ku Milan, ndipo mfumu ya Aroma, Constantine, inadikira mpaka ili pafupi kufa mu 337. Ndi Augustine yemweyo amene pambuyo pake analimbitsa chiphunzitso cha tchimo lobadwa nalo, ndipo m'kupita kwa nthawi ubatizo wa makanda unasanduka mwambo wa aliyense ku Ulaya. Kubadwa m'dziko ndi kulowa mumpingo zinakhala chinthu chimodzi.

N'chifukwa chake zimene zinachitika ku Zurich, m'dziko la Switzerland, pa 21 January 1525 zinaoneka ngati kuukira boma. Usiku umenewo kagulu ka anthu amene anali ophunzira a Ulrich Zwingli, mtsogoleri wa Apulotesitanti mumzindamo, kanakumana m'nyumba, ndipo Conrad Grebel anabatiza George Blaurock, yemwe anali atabatizidwa kale ali khanda. Anamuthira madzi, sanamumize. Adani awo anawatcha Anabaptist, obatizanso kachiwiri. Akuluakulu a mzinda anaika lamulo la imfa, ndipo pa 5 January 1527 Felix Manz, mmodzi wa kagulu kaja, anamangidwa manja n'kuponyedwa mumtsinje wa Limmat. Amene anamupha sanali Akatolika, anali Apulotesitanti anzake. Mpingo wa Baptist unayamba padera, pakati pa Angerezi othawira ku Amsterdam, kumene John Smyth anadzibatiza yekha mu 1609 kenako n'kubatiza anzake. Kumiza kunakhazikika pakati pawo cha m'ma 1640. Pa mbiri imeneyi mpamene panamera mfundo ina imene lero timangoitola ngati yachidziwikire, yakuti mfumu kapena boma lisakakamize munthu za chipembedzo.

Kwathu kuno Chikhristu chinalowera mu Shire momwemu. David Livingstone anakwera mtsinjewu mu 1859. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya Anglican ya UMCA anamwalira mu January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo anzake otsala anakhalako kanthawi pamudzi wa Chibisa, ku Chikwawa. Amenewo, ngati a mishoni ya Blantyre ya 1876, anali a mipingo yobatiza makanda, ngakhale kuti oyamba kubatizidwa kulikonse anali akuluakulu, popeza kunalibe makolo Achikhristu oti abweretse ana. Amene anabweretsa mwamphamvu chiphunzitso cha ubatizo wa okhulupirira ndi Joseph Booth, yemwe anafika mu 1892 n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission. Mu 1893 anabatiza mnyamata amene ankamugwirira ntchito, John Chilembwe, amene mu 1900 anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Malo a ku Thyolo amene lero ndi Malamulo anayambanso ndi Booth, a Adventist n'kuwagula mu 1902. M'mapiri a kumadzulo kwa Nsanje, ku Lulwe ndi ku Chididi, a South Africa General Mission anakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mpingo wa Africa Evangelical Church unachokera mu ntchito yawo. A Katolika nawo anazika mizu m'chigwa mpaka dayosizi ya Chikwawa inakhazikitsidwa mu 1965.

Nkhani imodzi ya kumpoto ndi yofunika kuikumbukira. Pakati pa 1908 ndi 1909 mlaliki wina, Elliot Kamwana, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera la Nkhata Bay m'miyezi yowerengeka. Ambiri anali anthu amene anatopa kudikira, poti mishoni ya Livingstonia inkasunga munthu m'makalasi zaka zingapo isanamubatize. Kuyambira nthawi imeneyo mipingo ya m'Malawi yakhala ikuvutika ndi funso lomwelo: ukachedwetsa kwambiri, ubatizo umasanduka satifiketi ya opambana mayeso, ukafulumira kwambiri, umasanduka kusamba.

M'chigwa muno uthenga woti chikhulupiriro sichibadwa nacho munthu unagwera panthaka yachilendo. Chipembedzo cha M'bona, chomwe kachisi wake ali ku Khulubvi ku Nsanje, si cholembetsa. Nsembe yopempha mvula imaperekedwa m'malo mwa dziko lonse, ndipo aliyense wolima m'dzikomo ali momwemo kale. Mizimu ya makolo nayo sufunsira kuti ikhale yako. Unabadwira m'manja mwake. Ndiye kubwera munthu n'kunena kuti pali chinthu chimene bambo ako, malume ako ngakhale amfumu sangakuyankhire, ndi mawu olemera. Kwa mayi kapena wachinyamata amene pamilandu ya pamudzi amayankhuliridwa ndi ena, tsiku la ubatizo likhoza kukhala loyamba kufunsidwa funso pagulu n'kudikiridwa kuti ayankhe yekha. Ine ndimaona kuti mphamvu ya mwambowu yagona pamenepa, ndipo n'chifukwa chake ndimaukonda.

Koma nthaka yomweyi ili ndi msampha wake. Ife tinazolowera madzi ochotsa tsoka. Munthu akatuluka kundende, akadwala nthawi yaitali, malonda akamakanika, amauzidwa kukasamba mankhwala kumtsinje kapena pamphambano m'bandakucha kuti minyama ichoke. N'kosavuta kutenga ubatizo n'kuuika pamzere womwewo, kuti ndi kusamba kwamphamvu koposa konse, kochotsa ziwanda, kotsegula mwayi wa banja kapena wa ntchito. Aneneri ena amalimbikitsa maganizo amenewa chifukwa amadzaza mpingo. Munthu wotere zinthu zikapanda kuyenda amaganiza kuti ubatizo uja sunagwire, n'kukafuna wina kwa mneneri wamphamvu kuposa woyamba. Apa mbali zonse, omiza ndi othira, ziyenera kuvomerezana: madzi a mu Shire ndi madzi basi. Simoni wamatsenga wa pa Machitidwe 8 anabatizidwa bwinobwino, koma posakhalitsa Petro anamuuza kuti mtima wake sunali wolungama pamaso pa Mulungu.

Mpingo umene ukudziwa chimene ukuchita umafunsa mafunso ovuta munthu asanafike kumtsinje. Zithumwa zija za m'chiuno ndi zokwirira pakhomo mwatani nazo? Mwamuna wanu akadzamwalira achibale n'kunena za kulowa kufa, mudzaima pati, ndipo mpingo udzaima nanu? Mwambo umenewu malamulo a dziko amauletsa ndipo mafumu ambiri amaudzudzula, koma mayi wamasiye amene akuopa kuti akakana adzanenedwa kuti wabweretsa imfa pamudzi amafunika anthu omuzungulira, osati lamulo lokha. Lovuta koposa ndi la mitala. Bambo wa akazi awiri watembenuka mtima, akufuna ubatizo. Mipingo yambiri imati ayambe wasiya mkazi wachiwiri. Asiye ndani, mayi wa ana ake asanu? Apite kuti? Mipingo ina imabatiza akaziwo n'kusiya bamboyo akudikira mpaka ukalamba. Ina imamubatiza koma osamupatsa udindo. Ndipo mipingo ingapo yoyambitsidwa ndi Amalawi inakula chifukwa cholandira anthu oterewa. Ine sindinamvepo yankho losapweteka wina pankhani imeneyi, koma ndimakayika ngati kuthamangitsa mayi wosalakwa kungatchedwe chipatso cha kulapa.

Za tsiku lenilenilo, aliyense wa kuno akudziwa kuti Shire si Yorodano wa pazithunzi. Muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madambo ngati a Elephant Marsh ndi Ndindi madzi odekha ali ndi likodzo. Mipingo yanzeru imapewa mtsinje waukulu n'kusankha dziwe losaya la mumtsinje waung'ono, atumiki n'kutsogola ndi nsungwi kuyesa kuya ndi matope, anyamata ataima mozungulira. Nyengo ya mvula, madzi akafiira ndi kuthamanga, si yobatizira. Ndipo m'miyezi ya October ndi November, dzuwa likamawotcha ngati moto, timitsinje tambiri timasanduka mchenga. N'chifukwa chake matchalitchi ena anamanga dziwe la simenti, amayi ndi achinyamata n'kulidzaza ndi zidebe za pamjigo dzulo lake. Ena amadandaula kuti ubatizo weniweni ndi wa madzi oyenda. Palibe ndime imene imalamula zimenezo, ndipo m'nthawi ya kolera ngati ya 2022 ndi 2023 kumiza anthu makumi m'madzi okayikitsa n'kuyesa Mulungu. Wodwala wogonera pamphasa, nkhalamba yosatha kuyenda, mayi wodwala mtima: ngati mpingo wanu ulibe njira yowabatizira amenewa, ndiye kuti madzi mwawakweza kuposa munthu. Chimene chimandikondweretsa pamwambowu ndi amayi a mpingo oima m'mphepete atatambasula zitenje, kuti wotuluka m'madzi zovala zitamatirira thupi afundidwe msanga asanachite manyazi.

Ife omiza tili ndi matenda athu amene sitikonda kuwatchula. Pamisonkhano yachitsitsimutso anthu amakweza manja Lachisanu, Lamulungu n'kumizidwa, alaliki n'kukwera galimoto kubwerera ku Blantyre ndi chiwerengero chokoma. Pakatha miyezi itatu palibe akudziwa kumene anthuwo ali. Timanyoza ubatizo wa makanda, koma timabatiza ana a zaka zisanu ndi ziwiri amene aloweza mayankho pofuna kukondweretsa agogo awo, kapena achinyamata amene angotsatira anzawo a kwaya. Ndipo tinene zoona, ambiri mwa akuluakulu amafuna ubatizo poganizira maliro awo, kuti asadzaikidwe chete popanda nyimbo ndi mwambo wa mpingo. Si chifukwa chonyozeka. Munthu aliyense amafuna kuperekezedwa. Koma ngati ndi chokhacho, ndiye kuti pakamwa paja payankha funso lina, osati limene abusa anafunsa.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo anthu a kuno amayenda: ukwati, ganyu wa kumunda wa nzimbe, kusamuka kuthawa madzi, kuwoloka kupita ku Mozambique ndi kubwerako. Kulikonse kumene wafika amapeza mpingo wina, ndipo funso la kubatizidwanso limadzuka. A Katolika ndi a CCAP kawirikawiri sabatizanso munthu amene anabatizidwa ndi madzi m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ngakhale kumpingo wina. Amaimira pa Aefeso 4:5, Ambuye mmodzi, chikhulupiriro chimodzi, ubatizo umodzi. Omiza amati nawonso sabwereza, chifukwa kwa iwo wa ukhanda uja sunali ubatizo, ndipo mawu amenewa ndi omwe amalasa mtima wa kholo. Mu 1982 nthumwi za mipingo yambiri zitakumana ku Lima, m'dziko la Peru, pansi pa bungwe la mipingo ya padziko lonse la World Council of Churches, zinapempha obatiza makanda kuti asamabatize mwachisawawa ana amene palibe adzawaphunzitse, zinapempha obatiza akuluakulu kuti azionetsa poyera kuti ana nawo ali m'chisamaliro cha chisomo cha Mulungu, ndipo zinapempha onse kupewa chilichonse chooneka ngati kubatizanso. Si mipingo yonse inavomera. Maganizo anga ndi awa. Munthu amene anabatizidwa ali khanda, ndipo atawerenga ndi kupemphera chikumbumtima chake chikumuuza kuti ayankhe yekha m'madzi, msiyeni atero, koma aphunzitsidwe kuthokoza makolo amene anamupereka kwa Mulungu, osati kuwatcha akunja. Ngati akungochita chifukwa apongozi anena, kapena kuti aloledwe kuvala yunifomu ya amayi, abusa achite manyazi kumumiza. Koma kumiza kachiwiri munthu amene anamizidwa kale atakhulupirira, chabe chifukwa wachoka ku Baptist kupita ku Assemblies, kapena khadi lake la ubatizo linapita ndi madzi osefukira, kumeneko ndi kulemba chizindikiro pa nkhosa ngati ziweto za munthu. Khadi likatayika pali mboni. Tumizani uthenga kumpingo wakale mufunse.

Latsala funso limene amayi amafunsa motsitsa mawu, nthawi zambiri ali kuchipatala mwana atatentha thupi ndi malungo: akapita asanabatizidwe, apita kuti? Mipingo yobatiza okhulupirira imabweretsa makanda kutchalitchi kudzawapempherera ndi kuwapereka kwa Mulungu popanda madzi, potsatira Marko 10 pamene Yesu anafungatira ana n'kunena kuti Ufumu wa Mulungu ndi wa otere, ndipo imaphunzitsa kuti mwana womwalira asanafike pozindikira ali m'manja mwa Mulungu. Kwa a Katolika, mwana akakhala pangozi ya imfa munthu aliyense, ngakhale namwino kapena mayi ake, akhoza kumubatiza pomuthira madzi ndi kutchula mawu a ubatizo. Ndipo akamwalira zimenezo zisanatheke, katekisimu wawo amati mpingo umamupereka ku chifundo cha Mulungu ndi chiyembekezo, ndipo pali mwambo wa maliro wokonzedwera ana oterewa. A CCAP nawo saphunzitsa kuti madziwo ndi amene amatsegula kumwamba.